Zolemba za ntchito yokonza madzi olowa ndi chozimitsa moto pa boyila ya uvuni wa matabwa ku Dedza

Kumayambiriro kwa Meyi

Ntchito imene ndapatsidwa ndi yokonzanso njira yolowetsera madzi mu boyila ya nthunzi yomwe imatenthetsa uvuni woumitsira matabwa a paini, pa malo ena ochekera matabwa kunja pang'ono kwa boma la Dedza, komanso kuikapo zida zozimitsa moto madzi akachepa. Boyilayi inagulidwa itagwirapo kale ntchito kwina, imayaka ndi dizilo, ndipo kachitsulo ka wopanga kamene kali pamimba pake kakusonyeza kuti inapangidwa motsatira Section IV ya malamulo a ASME (bungwe la mainjiniya a makina la ku America), gawo lokhudza maboyila otenthetsera amene puresha ya nthunzi yake siyenera kupitirira 15 psi, yomwe ndi pafupifupi 1 bar. Mwini malowa akufuna kuti uvuni uziyenda usana ndi usiku pofika Juni ndi Julayi, pamene kuzizira ndi nkhungu ya m'mawa zimachedwetsa matabwa ongoanikidwa panja.

Zimene ndapeza sizikulola kuti boyilayi iyende usiku ngakhale umodzi. Madzi amachokera ku thanki yomwe ili pa nsanja yachitsulo yotalika mamita 6, ndipo pa paipi yake pali vavu imodzi yotsegula ndi dzanja, kotero kuti woyendetsa boyila ndiye amayang'ana galasi loonera madzi n'kuganiza yekha nthawi yothira. Galasilo lada ndi dzimbiri moti munthu amachita kuwalitsa tochi kumbuyo kwake kuti aone pamene madzi alekezera. Low water cutoff, chida chozimitsa moto madzi akachepa, ilipo imodzi, ya mtundu wa mpira woyandama umene umakhala m'kabokosi kachitsulo pambali pa boyila, kuti madzi akatsika mpirawo utsike nawo n'kudula magetsi opita ku burner, chida choyatsa moto wa dizilo. Titamasula mabawuti a kabokosiko tinapeza kuti theka lake ladzaza matope ofiira, ouma gwa, amene tinachita kuwakokota ndi sikuludiraiva, ndipo mpira unali utakhazikika pamwamba pa matopewo. Boyila ikanauma yonse, mpira umenewo sukanasuntha. M'bokosi la magetsi munalinso kawaya kolumikiza mbali ziwiri za swichi ya cutoff, kusonyeza kuti wina anaitsekereza dala, mwina nthawi imene inkazimitsa moto pafupipafupi matope asanaigwire.

Ndapempha kuti boyila isayatsidwenso mpaka ntchitoyi itatha, ndipo ndafotokozera mwini malo chifukwa chake. Zitsulo za boyila zimene zimakhudzana ndi moto zimakhalabe zolimba chifukwa madzi amazilanda kutentha nthawi yomweyo. Madzi akatsika n'kusiya machubu pamtunda, chitsulo chimatentha mpaka kufiira, chimafewa, ndipo puresha imene chinkaipirira bwinobwino imayamba kuchipinda kapena kuching'amba. Choopsa kwambiri chimadza munthu akaona kuti m'galasi mulibe madzi n'kuthamangira kukatsegula vavu, chifukwa madzi ozizira akagwera pa chitsulo chofiira amasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi, ndipo nthunzi imafuna malo oposa a madzi pafupifupi maulendo 1,600. Puresha ya 1 bar imamveka yochepa pakamwa, koma pa mimba yaikulu ya boyila ndi mphamvu yokwanira kugumula khoma ndi kupsereza aliyense ali pafupi.

Sabata yotsatira: malamulo amene tikutsatira

Kuno kwathu lamulo loyang'anira chitetezo pa malo a ntchito ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, ndipo oyendera malo a ntchito ochokera ku Unduna wa Zantchito ndiwo amaona maboyila. Malamulo a ASME ndi a ku America ndipo paokha alibe mphamvu pa malo ochekera matabwa a ku Dedza. Komabe ndasankha kuwatsatira pa nkhani ya madzi olowa ndi cutoff, chifukwa boyilayi inapangidwa poyembekezera kuti idzatetezedwa mwanjira imeneyo, ndipo sindikuona chifukwa choti munthu wa kuno aziima pafupi ndi boyila yotetezedwa mochepa kusiyana ndi mnzake wa kumene inachokera. Malamulowo analembedwa anthu atafa kale ambiri. Pa 20 Malichi 1905 boyila ya fakitale ya nsapato ya Grover ku Brockton, m'chigawo cha Massachusetts, inaphulika n'kupha anthu 58, ndipo ngozi zotere ndizo zinachititsa kuti bungwe la ASME litulutse malamulo ake oyamba a maboyila, a chaka cha 1914.

Ndime ya HG-606 mu Section IV ndiyo msana wa ntchito yathu. Imanena kuti boyila ya nthunzi iliyonse yoyaka yokha ikhale ndi cutoff yoikidwa pamalo oti izimitse moto madzi asanatsike kupitirira pansi penipeni pamene amaonekera m'galasi. Galasi lenilenilo liyenera kuikidwa moti pansi pake pamene madzi amaonekera pakhale pamwamba pa mlingo wotsikitsitsa umene wopanga boyila analola, ndi mamilimita osachepera 25. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana, tanthauzo lake ndi lakuti woyendetsa boyila sayenera kuona galasi lopanda madzi moto ukuyaka, ndipo akaliona, adziwe kuti chida chalephera.

Ndime yomweyo imakambanso za feeder, chida chothira chokha madzi mu boyila akatsika, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri amaphonya. Imati feeder ipangidwe moti madzi atsopano asalowe mu boyila kudzera m'kabokosi ka mpira woyandama. Chifukwa chake ndi chomveka: madzi akamadutsa m'kabokosimo amatha kukweza mpira pamene mu boyila mwenimwenimo madzi ali pansi, chida n'kumanena kuti zonse zili bwino, ndiponso amasiya zinyalala zake pamalo pomwe sipafunika chinyalala chilichonse. Kabokosi kotere kayeneranso kukhala ndi paipi yotayira madzi yoloza pansi, ndi vavu yosachepera mainchi 3/4 pamalo otsikitsitsa, kuti munthu azitha kutsuka matope ndi kuyesa chidacho boyila ikuyenda. Pa boyila yathu paipi yotayirayo inatsekedwa ndi pulagi, ndipo ndi chifukwa chake matope anaunjikana popanda wowachotsa.

Buku lachiwiri ndi ASME CSD-1, lokhudza zida zoyendetsera ndi zotetezera maboyila oyaka okha ndi gasi, mafuta kapena magetsi, amene moto wake sufika 12,500,000 Btu pa ola (Btu ndi muyezo wa kutentha). Ilo limafuna kuti boyila ya nthunzi ikhale ndi ma cutoff awiri. Yoyamba ikhoza kuphatikizidwa ndi feeder, koma yachiwiri, imene imakhala mmunsi pang'ono, ikazimitsa moto isalole kuti uyakenso mpaka munthu atabwera n'kudina batani ndi dzanja lake. 

Pakati pa Meyi

Funso lalikulu la sabata ino linali lakuti madzi azilowa bwanji. Mwini malo ankaganiza kuti tingogula feeder ya mpira woyandama n'kuilumikiza ku thanki ya pansanja, ndipo kunena zoona njira imeneyi ndi yotsika mtengo. Vuto lake ndi puresha. Madzi otsika kuchokera pa mamita 10 amapereka pafupifupi 1 bar, choncho thanki ya mamita 6 ikupereka pafupifupi 0.6 bar, ndipo ukayeza kutalikako kuyambira pa mlingo wa madzi a mu boyila imachepanso. Uvuni umafuna kuti boyila iziyenda pa 0.7 mpaka 0.8 bar. Feeder ikanatsegula vavu yake bwinobwino, koma madzi sakanalowa, chifukwa nthunzi ya mkati ndi yamphamvu kuposa madzi a kunja. Bambo wachikulire amene wakhala akuyendetsa boyilayi anatsimikiza zimenezi asanaone chiwerengero chilichonse. Anati, "Achimwene, ine ndimathira madzi m'mawa isanatenthe, kapena ndimazimitsa n'kudikira kuti singano itsike. Ikatentha imakana madzi." Zimene iwo amazidziwa ndi manja ndi zomwe mabuku a opanga ma feeder amachenjeza, kuti puresha ya madzi olowa iyenera kuposa ya boyila ngakhale pa nthawi imene safety valve, vavu yotseguka yokha puresha ikapitirira muyezo, yayamba kutulutsa nthunzi.

Tagwirizana zoika thanki yaing'ono pafupi ndi boyila, yolandira madzi obwerera kuchokera m'mapaipi a mu uvuni nthunzi ikazizira, ndipo madzi atsopano ochokera pansanja azingowonjezera mu thankiyo kudzera pa vavu ya mpira. Kuchoka pamenepo pampu ndiyo izikankhira madzi mu boyila, ndipo izilamulidwa ndi chida cha mpira woyandama cha pa boyila, chomwe chikhalenso cutoff yoyamba. Posankha pampu ndinawerengera motere. Kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumafuna pafupifupi 2,257 kJ, kotero boyila yathu ya 300 kW ikhoza kumwa malita pafupifupi 480 pa ola ikamayaka ndi mphamvu yonse. Pampu yoyima n'kuyambanso iyenera kupereka madzi oposa pamenepa ndithu, apo ayi madzi azitsikabe iyo ikulira, choncho tatenga yopereka pafupifupi kawiri kake.

Pali chinthu china chimene buku lolembedwera m'mphepete mwa nyanja yamchere silingakukumbutse. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuno madzi amawira pa 95°C m'malo mwa 100°C. Madzi obwerera ku uvuni amafika otentha kwambiri, ndipo pampu ikamawakoka, puresha ya pakamwa pake imatsika, madzi n'kuyamba kuwira mkati mwa pampu momwemo. Ikatero imachita phokoso la kukukuta, imaleka kukankha madzi, ndipo mapiko ake amadyeka. Pofuna kupewa zimenezi takweza thanki yaing'onoyo pa nsanja yake kuti ikhale pamwamba pa pampu, taika paipi yokokera yaikulu ndi yaifupi, ndiponso taikapo choyezera kutentha kuti madzi a mu thanki asamapitirire 80°C. Feeder yabwino bwanji ilibe ntchito ngati pampu yake ikungozungulira m'nthunzi.

Kumapeto kwa Meyi

Mapaipi a kabokosi katsopano atha. Tagwiritsa ntchito paipi ya inchi imodzi kumwamba ndi kumunsi, ndipo paliponse pamene paipi ikukhota taika cholumikizira cha mtanda chokhala ndi mapulagi m'malo mwa elibo, monga malamulo amafunira, kuti chaka chilichonse munthu azimasula pulagi n'kulowetsa waya kapena burashi mpaka kuona kuwala mbali inayo. Paipi yamunsi ndiyo imatsekeka msanga, ndipo ikatsekeka kabokosi kamasunga madzi ake akale pamene boyila ikuuma. Pakati pa boyila ndi kabokosi sitinaikepo vavu iliyonse. Mnyamata amene akundithandiza anafunsa ngati sikungakhale bwino kuikapo imodzi kuti tsiku lokonza tisamachite kukhuthula boyila, ndipo funsolo ndi lanzeru, koma malamulo amakana, chifukwa vavu imene yatsekedwa pokonza n'kuiwalika imasiya mpira ukuyandama pa madzi osayenda mpaka tsiku la ngozi.

Paipi yochokera ku pampu talowetsa pa khomo lake la madzi obwerera, osati pa makomo a galasi, a safety valve kapena a cutoff, ndipo pafupi ndi boyila taika vavu yotsekera, kenako vavu yoletsa madzi kubwerera. Galasi latsopano laikidwa, ndipo kumbuyo kwake tapaka mizere yopendekeka yoyera ndi yakuda, chifukwa mizere yotere imaoneka yopindika ikadutsa m'madzi, zimene zimathandiza munthu kusiyanitsa galasi lodzaza ndi galasi lopanda kanthu, zinthu ziwiri zomwe usiku zimafanana kwambiri.

Mkangano weniweni unali pa cutoff yachiwiri. Mwini malo anandifunsa mwaulemu koma mosabisa. Anati, "A injiniya, mwaika pampu yothira yokha, mwaikanso chozimitsa moto chatsopano. Chachiwirichi ndi cha chiyani, poti ndalama zikutha?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, chothira madzi ndi chothandiza pa ntchito, koma si chimene chimapulumutsa moyo." Feeder imadalira zinthu zambiri zimene zimalephera kawirikawiri kuno: mjigo ukhoza kuphwa mu Okutobala, thanki ya pansanja ikhoza kuuma wina ataiwala kupopa, sefa ikhoza kutsekeka, pampu ikhoza kupsa. Tsiku limene chimodzi mwa izi chachitika, chotsala ndi cutoff yokha. Ndipo cutoff yoyambayo ikugwiritsa ntchito mpira womwewo umene ukulamula pampu, kutanthauza kuti mpirawo ukagwidwa ndi matope, pampu siyamba ndipo moto suzima, zinthu ziwiri kulephera nthawi imodzi chifukwa cha vuto limodzi. Ndinawatengera pa kabokosi kakale, kamene ndakasunga ndi matope ake, ndipo atakayang'ana anavomera.

Ndili ndi maganizo amphamvu pa batani lodina ndi dzanja. Cutoff yodzibwezeretsa yokha imabisa vuto, chifukwa madzi akatsika imazimitsa moto, akabwerera pang'ono imayatsanso, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika usiku wonse popanda wodziwa kuti penapake pakudontha. Ya batani imakakamiza munthu kudzuka, kubwera, kuyang'ana galasi ndi kudzifunsa kuti madzi apita kuti. Ena amaiona ngati chovutitsa, koma kuvutitsa kumeneko ndiko ntchito yake.

Kumayambiriro kwa Juni

Cutoff yachiwiri tasankha ya mtundu wina, ya probe, kuti zida ziwirizi zisamalephere ndi matenda amodzi. Probe ndi kachitsulo kolowa mu boyila kamene kamadutsitsa magetsi ochepa kwambiri kudzera m'madzi kupita ku chitsulo cha boyila, ndipo madzi akachoka pa kachitsuloko njira ya magetsi imaduka, moto n'kuzima. Ilibe chosuntha choti matope angachigwire, koma nayo ili ndi zofooka zake. Thovu la madzi akuda limatha kuikhudza n'kuinamiza kuti madzi alipo, ndipo laimu akaikuta imasiya kumva bwino, choncho iyenera kutulutsidwa ndi kupukutidwa chaka chilichonse. Poimanga ndinaletsa mnyamata wanga kukulunga tepi yoyera ya mapaipi pa mazinga ake, ngakhale kuti ndi chizolowezi cha pulambala aliyense, chifukwa tepiyo imatchinga magetsi pakati pa probe ndi boyila. Tapakapo mankhwala omatira mazinga pang'ono, kusiya mazinga oyamba opanda kanthu kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, kenako tayeza ndi mita kutsimikiza kuti njira ya magetsi ilipo.

Probeyo yalowa pa khomo lakelake, losagawana paipi ndi kabokosi ka mpira. Milingo yake tayika motere kuyambira kumwamba: pamene pampu imayima, pamene imayamba, pamene cutoff yoyamba imazimitsa moto, ndipo pansi pa zonse, koma madzi akuonekabe m'galasi, pamene probe imazimitsa n'kutseka, kutanthauza kukaniza moto kuyakanso mpaka batani litadinidwa. Milingo inayi taijambula ndi penti pa chitsulo cha pambali pa galasi.

Pa mawaya, maswichi a ma cutoff onse awiri ali mumzere umodzi ndi zida zoletsa puresha kukwera, moti chimodzi chokha chikatseguka burner imataya magetsi. Tinayang'anitsitsa kuti zida zikhale za 230 V ndi 50 Hz, chifukwa zambiri za ku America zimabwera za 120 V. Popeza magetsi amazimazima ndipo malowa amasinthira ku jenereta, tasankha chida chimene sichitseka chifukwa cha kuzima kwa magetsi kokha ngati madzi ali pa probe, koma chimakumbukira kuti chinatseka ngati madzi anali atachepa magetsi asanazime. Izi ndi zofunika pa khalidwe la anthu. Woyendetsa boyila akamadina batani kangapo pa tsiku chifukwa cha magetsi, dzanja limazolowera, ndipo tsiku limene chidzatseke chifukwa cha madzi adzadina osayang'ana galasi. Pampu ndi burner zili pa gwero limodzi la magetsi, kuti pasakhale nthawi imene moto ukuyaka pampu ilibe mphamvu. Taikanso belu ndi nyale yofiira panja pa chipinda cha boyila, poonekera kuchokera pamene mlonda amakhala.

Pakati pa Juni: kuyesa

Tisanayese tinawiritsa boyila ndi mankhwala otsukira n'kutaya madzi apamwamba mpaka mafuta a mapaipi atsopano atatha, chifukwa mafuta amachititsa madzi kudumphadumpha m'galasi ndi kuchita thovu.

Kuyesa koyamba ndi kwachangu. Moto ukuyaka, munthu amatsegula vavu yotayira ya pansi pa kabokosi, madzi a m'kabokosi amathawa, mpira umagwa, pampu imayamba ndipo burner imazima. Zinayenda bwino, koma kuyesa kumeneku kumangosonyeza kuti mpira ukhoza kugwa ukakokedwa mwamphamvu. Pa ngozi yeniyeni madzi amatsika pang'onopang'ono, ndipo mpira womata pang'ono ukhoza kupambana mayeso achangu n'kulephera pa tsiku lofunika. N'chifukwa chake tinachita kuyesa kwachiwiri, kwapang'onopang'ono, kumene ndimakukhulupirira kwambiri. Tinazimitsa pampu, tinasiya boyila ikutumiza nthunzi ku uvuni, ndipo ine ndinaima pa galasi pamene bambo woyendetsa boyila anaika dzanja pa swichi yaikulu, titagwirizana kuti madzi akangofika pa mzere wotsiriza moto usanazime, iwo azimitse okha osadikira mawu anga. Madzi anatsika mwakachetechete, akugwedezeka pang'ono, anadutsa mzere wa pampu, ndipo atangofika pa mzere wachitatu tinamva swichi ikuti tha, lawi la m'kagalasi ka burner n'kuzima.

Kuti tiyese probe tinayenera kudutsitsa dala cutoff yoyamba kwa kanthawi. Kawaya kochitira zimenezi ndinakamangirira kansalu kofiira kakatali kolendewera kunja kwa bokosi, kuti chitseko chisatsekeke kawayako kali mkati. Madzi anatsikanso, ndipo atatsala pang'ono pamwamba pa nati ya pansi pa galasi, moto unazima, belu linalira, nyale yofiira inayaka. Tinayatsa pampu, madzi anakwera mpaka pakati, koma burner sinayake mpaka batani litadinidwa. Tinazimitsanso magetsi onse n'kuwayatsa chida chili chotseka, ndipo chinakhalabe chotseka monga tinkafunira. Kawaya kaja kanachotsedwa pamaso pa anthu onse amene analipo, ndipo bokosi la magetsi tsopano lili ndi loko.

Kumapeto kwa Juni

Pa paipi ya madzi atsopano tinaikapo mita ya madzi, ngakhale kuti si malamulo onse amene amaifuna, ndipo yayamba kale kubweza ndalama zake. Feeder ili ndi khalidwe loipa limodzi: imakwirira kudontha. Kale madzi akamatha msanga woyendetsa ankadziwa chifukwa ankathira yekha, koma tsopano pampu imathira mwakachetechete ndipo galasi limaoneka labwino nthawi zonse. Mita inasonyeza kuti boyila ikumwa madzi atsopano ochuluka kuposa amene uvuni wotseka bwino ungataye, ndipo titatsatira mapaipi tinapeza kuti paipi yobwerera, imene inakwiriridwa pansi kuseri kwa uvuni, yabooka ndi dzimbiri, ndipo steam trap imodzi, chida choyenera kudutsitsa madzi okha n'kutchinga nthunzi, imadutsitsa nthunzi yamoyo. Zonse ziwiri zakonzedwa. Nkhani yake si ya kuwononga madzi kokha. Madzi atsopano a mjigo amabweretsa mpweya umene umadya chitsulo, komanso laimu amene amamatirira pa machubu monga amachitira pansi pa ketulo, ndipo laimu ameneyo amatchinga kutentha, amawonjezera dizilo, ndiponso ndiye gwero la matope omwe anapha cutoff yakale. Ndatumiza madzi a mjigo kuti akayezedwe kuuma kwake, ndipo zotsatira zake ndizo zidzatiuze kukula kwa chofewetsera madzi chimene chikufunika.

Opanga zida za mpira woyandama, monga McDonnell & Miller, amalangiza kutsuka kabokosi kamodzi pa sabata ngati boyila ikuyenda pansi pa 15 psi, ndi tsiku lililonse ngati ikupitirira pamenepo. Ife tagwirizana zotsuka tsiku lililonse mpaka madzi atayamba kufewetsedwa. Buku la pa chipinda cha boyila lili ndi malo olembapo mlingo wa madzi, puresha, chiwerengero cha mita, ndiponso ngati moto unazima potsuka kabokosi. Ndakhala pansi ndi oyendetsa boyila a usana ndi a usiku pamodzi ndi mlonda, ndipo malangizo tawalemba m'Chichewa pa khoma. Amene ndinawabwereza kwambiri ndi awa: galasi likapezeka lopanda madzi, zimitsani moto, musathire madzi, musadine batani, tulukani ndipo muitane mmisiri, boyila izizire yokha.

Julayi

Uvuni wayamba kuyenda usiku, ndipo matabwa oyamba atuluka. Kwabwera nkhani yatsopano. Chifukwa cha mtengo wa dizilo ndi kusowasowa kwake, mwini malo akufuna kuti chaka chamawa boyila iziyaka ndi utuchi ndi zidutswa za matabwa, zimene zaunjikana mulu kuseri kwa macheka. Maganizowo ndi abwino pa ndalama, koma ndawachenjeza kuti chitetezo chonse chimene tamanga chikudalira moto umene umazima nthawi yomweyo magetsi akaduka. Lawi la dizilo limatero, koma makala a utuchi satero ayi. Cutoff ikhoza kuyimitsa fani ndi chokankhira utuchi, koma moto umene uli kale pa chitsulo, pamodzi ndi njerwa zofiira za ng'anjo, umapitiriza kuwiritsa madzi otsalawo kwa nthawi yaitali, ndipo CSD-1 sinalembedwere moto wotere. Pakadzafunika kukweza milingo ya ma cutoff kuti madzi otsala akhale ambiri, kuika zitseko za mpweya zotseka zokha magetsi akazima, kukhala ndi njira yachiwiri yothira madzi yosadalira magetsi amodzimodziwo, ndiponso kukonza malo okokerapo moto kunja mwachangu. Pakadzafunikanso kufunsa kaye ngati boyila imeneyi, yomwe inapangidwira lawi la mafuta, ingayenere ng'anjo yotere.

Zimene zatsala pa gawo lino ndi zitatu. Tikudikira zotsatira za madzi a mjigo. Tayitanitsa mpira woyandama, gasiketi ndi probe zapadera zoti zizikhala m'sitolo, kuti chida chikawonongeka pasapezeke wofuna kubwezeretsa kawaya kaja podikira katundu wochokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Ndipo mwini malo alembera kalata oyendera malo a ntchito kuti adzaone boyila, tsiku limene tidzabwereze kuyesa kwapang'onopang'ono pamaso pawo ndi kutsegula zitseko za machubu kuti aone mkati, chifukwa boyila imene yayenda nthawi yaitali ndi cutoff yakufa iyenera kufufuzidwa ngati machubu ake apamwamba sanapindike kapena kumasuka pamene amalumikizana ndi chitsulo cha kumapeto.